Wogulitsa Magalasi pa Doko la Sadarghat

Mvumbi ukaphimba Dhaka masabata atatu,
mtsinje wa Buriganga utatupa, utada bii,
ine Tofazzal ndimayala malonda pa doko,
magalasi akuda ndandanda pa thabwa,
taka makumi asanu ndi atatu, wolira ndimamutsitsira.

Nyengo imeneyi ndiyo yanga.
Maso a mzinda wonse amapsa tsiku limodzi:
wopalasa rikisho, kalaliki wa kubanki,
mayi wogulitsa nsomba, mwana wasukulu,
onse psuu! ngati adyera tsabola m'maso.
Amabwera chozyolika,
pakuti kuno timati usamuyang'ane,
nthendayi imalumpha kuchoka m'diso kukalowa m'diso.
Ndiye amagula mdima nabisalamo.
Ine madzulo ndimawerenga ndalama.
Sindinapempherepo kuti mliri uthe. Ndinene zoona.

Lachinayi Shiuli wanga anadzuka akulira,
zikope zitamatana ndi manthongo.
"Abba, kwacha kodi?"
Ndinamuveka magalasi odula kuposa onse,
ndipo masiku awiri athunthu
ndinayankhula ndi mwana wanga ndikuyang'ana pansi.

Kuchipatala cha maso mzere unafika pamsewu.
Namwino Anjuman, wamfupi, mawu ngati belu la sitima,
anamuvula magalasi aja
namuyang'ana m'maso mwenimwemo, pafupi.
Ine mtima phaa!
"Mayi, simuopa?"
Anaseka, nandionetsa zikhatho zonunkhira sopo.
"Diso siliponya kanthu, bambo. Wakuba ndi uyu,
chala chotikita poyabwa,
kenako chitseko, ndalama, tsaya la mwana.
Thawulo limodzi banja lonse. Mtsamiro umodzi.
Nanga magalasi anuwo,
amawayesa anthu angati asanagule mmodzi?"

Ndinameza malovu.

Anayenda ndi mzere pang'onopang'ono,
paja kuona maso a nkhono n'kudekha.
Kufiira n'kumodzi, anatero, koma eni ake ndi ambiri.
Uyu ndi fumbi la njerwa.
Uyu utsi wa mabasi.
Uyu wachezera kusoka malaya kufakitale, akagone.
Uyu kamtsempha kaphulika potsokomola,
kakuoneka koopsa, katha kokha.
Koma atafika pa Kutub, wowotcherera zitsulo za zombo,
diso limodzi likumulasa ngati msomali,
kuwala kukumubaya, zonse akuona nkhungu,
kuseka kunatha.
Anamugwira pamkono, namudumphitsa mzere wonse.
"Uyu sadikira mawa."

Kutub yemweyo ndinamugulitsa magalasi Lolemba.
Ndinamuuza ndi pakamwa pangapa:
vala, m'bale wanga, zimatha zokha izi.

Shiuli anachira sabata lisanathe.
Madzi owiritsa atazizira, thonje,
diso lililonse thonje lakelake,
kansalu kake kopachika pa msomali wakewake.
Usiku woyamba titabwerako
ndinamugwira chibwano, ndinamuyang'ana mpaka anaseka,
ndipo m'kufiira monsemo, pakatikati,
munali kamunthu kakang'ono ka ndevu za imvi
kakundiyang'ananso.

Ndikugulitsabe. Lendi sadziwa kulapa.
Dzuwa limapwetekadi diso lodwala, magalasi amathandiza,
koma pambali pa thabwa pali sopo tsopano,
botolo la madzi, ndi nsalu yopukutira
yomwe anzanga a malonda amandiseka nayo.
Kasitomala akabwera chozyolika
ndimati, dzutsani mutu, ndioneni.
Ena amakana. Ena amadzutsa.
Ndimafunsa: likuyabwa, kapena likulasa?
Mukuona bwinobwino nambala ya sitima iyo?
Akachedwa kuyankha, ndimamulozera basi ya kuchipatala,
ndalama yake ikhale m'thumba.

Sitima za ku Barishal zikuliza malipenga,
anthu akutsika mazanamazana,
ine ndikusanthula nkhope imodzi imodzi.
Papita masabata asanu.
Kutub sanadutsebe.